Maginito Anga ndi Chingwe cha M'chiuno mwa Amayi

Ndine ndinayambitsa zonsezi, ndipo ndineneretu kuti sindikupepesa. Abambo anandipatsa mpata wopepesa kawiri, akuluampingo kamodzi, koma nkhope yanga inangotulutsa kumwetulira kuja komwe kwandidyetsa zikoti kuyambira ndili Sitandade 2.

Chida changa chinali maginito. Ndinawagulula m'sipika ya wailesi yakufa ya abambo, chitsulo chakuda chozungulira ngati donasi, cholemera ndithu, ndipo ndinkayenda nawo m'thumba kulikonse. Kusukulu kwathu, sekondale yoyendera ya kufupi ndi ku Mvera, ndinayendetsapo makiyi a aphunzitsi a masamu pamwamba pa desiki, dzanja langa lili kunsi, mpaka bambo wamkulu ngati uja anabwerera chafutambuyo n'kukagunda bolodi. Kalipentala wa pamsika anasakapo misomali yake tsiku lonse ili mbuu m'kabudula mwanga. Manja anga sadziwa kukhala. Miyendo nayo chimodzimodzi.

Chaka chomwe ndinali Fomu 3, amayi anayamba kudwala matenda omwe pakhomo pathu sankatchulidwa dzina. Mnyamata sauzidwa zoterezi. Ndinkangoona kuti akuchapa nsalu pafupipafupi n'kukayanika kuseri kwa bafa, kuti akafika pakati pa mzere amasiya khasu n'kugwira m'chiuno, kuti amayi aang'ono, mng'ono wawo wa ku Ntchisi, anabwera kudzacheza koma mwezi unatha osatsanzika. Amayi anapita kuchipatala cha pafupi, kenako ku Lilongwe, komwe anawadula kanyama kokapima. Dzina la matendawo ndinalidziwa chifukwa m'nyumba mwathu wowerenga Chingerezi cha madokotala ndine ndekha. Abambo ndi mkulu wa mpingo, Baibulo amalidziwa ngati munda wawo, koma buku la kuchipatala analitsegula, kulitembenuza, kenako n'kundiitana. Khansa ya khomo la chiberekero. Ndinawerenga mokweza ngati ndili m'kalasi, ndipo nditatseka pakamwa m'pamene ndinamva zomwe ndanena.

M'munsi mwake munalembedwa tsiku loti amayi akajambulidwe ndi makina otchedwa MRI. Abambo anandiuza momwe adokotala anawafotokozera. Akuti anayamba ndi kufunsa zomwe timalima, ndipo atamva kuti fodya anafunsanso ngati anaonapo dothi la chiswe pa mtengo wa chigafa. Kunja umaona kadothi pang'ono, koma sudziwa kuti mkati chadya mpaka pati, ndiye sungadziwe ngati udule kunsonga kokha kapena uchite zina. Bala la amayi analiona ndi maso, analigwira ndi dzanja, koma kuya kwake sakudziwa. Ngati likadali pakhomo la chiberekero pokha, achita opareshoni n'kuchotsa chiberekero chonse. Ngati ladumphira m'mbali, kapena kuchikhodzodzo, kapena m'tiziwalo tija timatupa munthu akachita mwanabere, mpeni suthandizanso; pamenepo n'kuwotcha ndi makina komanso mankhwala a m'diripi. Sangayambe chilichonse asanaone chithunzicho, chifukwa kulakwitsa njira n'kumuzunza wodwala kawiri. Odikira makinawo ndi ambiri. Ukaphonya tsiku lako ukaimanso kumbuyo kwa mzere, ndipo chiswe sichidikira. Anesi anawonjezera chimodzi: m'chipinda chimenecho simulowa chitsulo chilichonse, ngakhale pini.

Kutatsala masiku khumi ndi atatu, Lachinayi masana, amayi a kutchalitchi anabwera kudzapemphera, atavala zoyera ndi zakuda zawo, n'kudzaza khonde lathu lonse. Nyimbo zitatha ndinabweretsa thireyi ya tiyi. Mtsogoleri wawo, mayi wamkulu wa magalasi, anandigwira malaya.

"Iwe wa ku sekondale, tatiuze. Makina akalowemo amakowa ndi otani? Ndi ekisileyi yomwe ija?"

Ndikanayankha kuti sindikudziwa bwino. Koma anthu khumi ndi asanu atakhala chete, maso onse ali pa ine, ndi mayesero omwe sindinawapambanepo chibadwire. Ndinatsitsa makapu, kusiya masipuni okha pathireyi, dzanja la maginito n'kulilowetsa kunsi. Masipuni anayamba kuyenda. Anazungulira, anathamangitsana, ina inaimirira pang'ono ngati ikufuna kupereka moni. Mayi wina anakokera miyendo m'chitenje.

Ndinawauza kuti awa ndi mwana chabe, a ku Lilongwe ndi aakulu ngati ngolo, ng'ombe zake zomwe. Mpaka pamenepo ndinali pafupi ndi choonadi. Kenako ndinayamba kukometsera. Ndinati bambo wina wa ku Dzoole anaiwala kiyi wa njinga m'thumba, buluku lonse linavuka n'kukamatirira pamakina, manesi akuona. Ndinati palibe chobisika: ngakhale kachidutswa ka singano, mutakakulunga m'nsalu zisanu, makinawo amakasolola n'kukaonetsa poyera, adokotala ndi amuna anu ali pomwepo.

"Ndiye si makina amenewo, ndi tsiku lachiweruzo," anatero a magalasi aja.

Khonde lonse linagwa ndi phwete. Mayi wina anamasula pini ya pabulauzi n'kuiponya pathireyi kuti aone yekha. Amayi aang'ono anaseka pang'ono n'kusiya msanga. Amayi sanaseke. Anagwira kapu ndi manja awiri, tiyi mpaka kuzizira. Ine ndinaona ndithu, koma ndinali ndi omvera, ndipo munthu wa omvera saona bwino.

M'mawa mwake amayi anauza abambo kuti ku Lilongwe sapita. Anati akupezako bwino, mapemphero a dzulo agwira ntchito, adzapita fodya akatha. Abambo anayesa kunyengerera, anayesa mavesi, anaitana abusa. Amayi ankalandira alendo bwinobwino, kugwada, kuyamika, koma yankho lili lomwelo. Masiku anayamba kuthothoka ngati masamba a fodya a m'munsi. Khumi. Asanu ndi atatu. Pakhomo panalibe wokhazikika. Abambo ankatuluka ndi njinga, kufika pamsewu, n'kubwerera osadziwa chomwe amatsata. Amayi aang'ono ankasesa bwalo losesa kale. Ine kusukulu ndinkangomva aphunzitsi ngati njuchi. Belu likalira ndinkadzera kumapiri, kukwera, kutsika, kugenda miyala m'zigwa, kuwerenga masiku pazala ngati mwina ndapeza lina lowonjezera.

Tsiku lina abambo anandipeza kuchigafa n'kundiloza pakamwa ndi chala. Anati pakamwa pangapa ndi pomwe pawopseza amayi, ndipo ngati tsiku lija lipita pachabe ndidzadziwa kuti iwo ndi ndani. Ndinapita kwa amayi kukabweza mawu. Ndinawauza kuti za bambo wa ku Dzoole ndinangopeka, kulibe munthu wotero, buluku la munthu silivuka choncho.

"Nanga zoti amakoka chitsulo, unapekanso?"

Apa panafunika bodza limodzi lokha, laling'ono, ine katswiri wake. Linakana kutuluka. Ndinati ayi, zimenezo n'zoona.

"Ndiye basi," anatero, n'kupitiriza kuswa mtedza.

Ndinakhala pamphasa pomwepo, pafupi nawo, n'kuyamba kuwathandiza. Ndinasendera kuti ndifikire lichero. Pamenepo chitenje chawo, cham'mbali m'chiunomu, chinatukuka pang'ono ngati mwalowa chiwala, ndipo kanthu kolimba kanadzagunda thumba langa la maginito kuti kha. Ndinayang'ana pansi. Iwonso anayang'ana. Anasuntha msanga, kukonza chitenje, n'kundiuza kuti ndikaone mbuzi. Mbuzi zinali bwinobwino, ndipo tonse tinkadziwa.

Amayi aang'ono ndinawapanikiza kumjigo, ndowa ili pakati. Anakana kawiri, kachitatu anayang'ana uku ndi uku n'kuulula. Magazi atangoyamba, chipatala chisanalowepo, iwowo ndi amene anatengera amayi kwa sing'anga wina kuseri kwa mapiri a ku Ntchisi, abambo akudziwa kuti apita kukaona maliro. Sing'angayo anawamanga chingwe m'chiuno, chokhala ndi kachithumwa kosokedwa m'nsalu yakuda. Anati chimenechi chagwira matenda kuti asayende. Akachimasula okha, matenda athamanga thupi lonse. Akachimasula munthu wina, matendawo asamukira kwa womasulayo. Ndiye amayi anali pakati pa moto uwiri. Kuvula sangavule, kupempha mng'ono wawo kapena nesi kuti awavule n'kumupha mwana wa eni. Kulowa nacho m'makina, mwana wawo yemwe wanena pamaso pa gulu kuti chidzasololedwa poyera, mwamuna wawo mkulu wa mpingo akuona, iwo mayi wa yunifolomu. Asanamve nkhani yanga ankaganiza kuti angochibisa pansi pa chovala cha kuchipatala, monga anachitira maulendo ena, kuchikwezera m'mwamba pomwe adokotala sayang'ana.

Ndinafunsa amayi aang'ono kuti abwereze bwino mawu a sing'anga aja. Anabwereza. Ndinaimba mluzu, iwo n'kundifunsa chomwe ndikusekerera pa nkhani ya imfa. Sindinawauze. Ndikawauza akuluakulu mapulani anga amawawononga.

Kunatsala masiku anayi. Loweruka masana abambo anapita ku msonkhano wa akuluampingo. Amayi anamwa mapilitsi opha ululu n'kugona pamphasa pansi pa mtengo wa mango, atafulatira nyumba. Ndinatenga lumo latsopano. Ndikudziwa kuti mwana wamwamuna safika m'chiuno mwa amayi ake, ena amati ndi malaulo, ndipo ndikufuna zilembedwe kuti sindinawakhudze ngakhale ndi chikhadabo. Ntchito anagwira ndi maginito. Ndinawayendetsa pamwamba pa chitenje pang'onopang'ono, monga ndinkachitira ndi makiyi a aphunzitsi, mpaka kanthu kaja kanagwira. Ndinakakokera m'mwamba, kanatulukira m'mphepete mwa chitenje cha kumsana, chingwe n'kutsatira, chitatukuka pathupi. Ndinadula, kusolola, n'kuliyatsa liwiro.

Ndinakaima pamwamba pa phiri la kuseri kwathu, pomwe mapiri a ku Ntchisi amaoneka ngati ng'ombe zogona. Ndinang'amba kakona ka nsalu yakuda ija n'kusuzumira. Munali kachidutswa ka sipoko ya njinga, singano yothyoka ya dzimbiri, kamuzu, ndi phulusa. Zimenezi ndi zomwe zinkafuna kuwaphonyetsa amayi tsiku lawo. Ndinafuna kuponya kuchigwa, koma ndinaganiza kuti ndikabwerera chimanjamanja sakhulupirira kuti matenda apeza kolowera. Ndinavula malaya n'kudzimanga chingwecho m'chiuno. Chinazungulira kawiri.

Nditatsika ndinapeza amayi atakhala tsonga pamphasa, misozi ili chuchuchu, amayi aang'ono atawagwira mapewa. Ndinaima patali pang'ono, poti ndimadziwa kutalika kwa mkono wawo, n'kukweza malaya.

"Mwana iwe, wadzipheranji?"

"Amayi, munthu uja anati matenda apita kwa wodula. Chabwino, abwere. Koma ine chiberekero ndilibe, khomo lakenso ndilibe. Akafika azikagona pati?"

Amayi aang'ono anayesa kudzigwira, anatseka pakamwa ndi chitenje, koma phwete linatulukira m'mphuno. Amayi anatola chitsononkho n'kundigenda, ndipo chinandipeza pachipumi penipeni. Anandinena kuti ndine mwana wopanda mwambo, galu wa miyendo iwiri, wobadwa tsiku la msika. Koma kulira anasiya.

Masiku atatu otsatirawo anandilondalonda ndi maso. Ndikadzuka, maso. Ndikamadya, maso. Ine ndinkadya ngati wobwera kuganyu, kudumpha mpanda, kuimba, kuti aone. Ndivomere kuti kawiri konse ndinafuna kugwira pamimba n'kugwa pansi ndikubuula, kungoti ndione nkhope za alongo awiriwo. Zikanakhala zokoma kwambiri. Ndi chipongwe choyamba chomwe ndinachilola kudutsa chibadwire, ndipo mpaka lero chimandiwawa. Ndivomerenso kuti m'mawa uliwonse ndinkadzisisita pamimba kubafa, mwakachetechete, kungotsimikiza. Iwo matenda sanathamange, ine sanandipeze. Lachiwiri amayi anachapa chitenje chawo chatsopano n'kuuza abambo kuti mawa tilawire. Abambo anakweza maso kumwamba n'kuyamika abusa.

Tinakwera minibasi ya m'mamawa anthu anayi, kudutsa pa Chezi kukungoyera. Amayi anali asanadye kanthu, poti anatero anesi. Ine ananditenga kuti ndiziwerenga zikwangwani ndi mapepala. Chingwe chija ndinali nacho m'chiuno, chifukwa amayi anandiletsa kutaya, akuti wina angachiponde. Amayi aang'ono adzachibweza okha kwa mwini wake. Ndinali nditachizolowera moti ndinachiiwala. Maginito nawo anali m'thumba, monga mwa masiku onse.

Kuchipinda cha makinawo kunali chitseko cholemera ndi zithunzi za makiyi, lumo ndi mawotchi zodulidwa ndi mzere wofiira. Wojambula anali mnyamata wamtali wansangala. Anafunsa amayi mafunso ambirimbiri, ngati anaikidwapo chitsulo m'thupi, ngati ali ndi lupu, ngati avala mikanda ya waya. Amayi ankayankha kuti ayi ndi mawu omasuka, n'kundiponyera diso kamodzi. Anavala chovala cha kuchipatala, anawabaya jakisoni woti matumbo adekhe chithunzi chisagwedere. Koma atasuzumira pakhomo n'kuona kabedi kopapatiza kolowera m'dzenje loyera, anaima. Anati m'menemo okha salowa.

Wojambula anati munthu mmodzi angathe kulowa nawo. Abambo anapita patsogolo, koma atafunsidwa anakumbuka chitsulo chomwe anawaika m'mwendo ngolo itawagwera kalekale, ndipo anawabweza. Amayi aang'ono anabwerera m'mbuyo mpaka kukhoma. Anati iwo za bambo wa ku Dzoole anamva, sakufuna kuvulidwa. Ndinawakumbutsa kuti ndinapeka, koma anati ngakhale zopeka zimachokera penapake. Ndinatsala ine.

"Bwera kuno mphwanga, tione ngati ulibe zida," anatero wojambula uja, atanyamula kachipangizo konga chipande.

Anakayendetsa pathumba langa, kanalira. Ndinatulutsa maginito. Anawayang'ana, kundiyang'ana ine, n'kunena kuti amenewa akanalowa m'chipindamo akanauluka ngati mwala wa legeni n'kuswa mutu wa munthu, ndipo pamenepo sanaseke. Anayendetsanso. Kanaliranso, m'chiuno. Ndinati mwina ndi zipi. Anati zipi siikhala kumsana. Abambo anali ataima pomwepo, chipewa chili m'manja.

Ndinakweza malaya n'kumasula chingwe. Kansalu kakuda kaja kanalendewera pakati pathu, kakuzungulira pang'onopang'ono. Amayi anali pakhomo la chipinda, atagwira chitseko, milomo itayera. Ndinaona kuti akutsegula pakamwa, ndipo ndinawapitirira.

"N'changa, abambo. Cha mayeso. Masamu akundivuta."

Abambo anatambasula dzanja, ndinawapatsa. Anachigwira nsonga ziwiri, kuchitambasula, kuyang'ana kutalika kwake, kuyang'ana chiuno changa chonga cha mavu. Kenako anachipinda bwinobwino n'kuika m'thumba la jekete pamodzi ndi maginito. Anangoti tikakambirana kunyumba, pano lowa ndi amayi ako.

Anatitseka makutu tonse awiri. Kabedi kanalowa nawo amayi m'dzenje muja mpaka ine ndinatsala ndi mapazi okha. Wojambula anali atanena kuti asagwedezeke ngakhale pang'ono, apo ayi tiyambiranso. Kenako makina anayamba. Ndinkayembekezera kulira kwa njuchi, koma kunali ngati chigayo cha dizilo chomwe mwagwera mwala, kugogoda, kusiya, kuyambanso ndi nyimbo ina. Phazi la amayi linanjenjemera. Ndinaligwira pachidendene, lokhakhala, long'ambika ndi minda ya ku Dowa, n'kulifinya. Linadekha. Ndinaima choncho kupitirira theka la ola, ine amene sindinathepo pemphero limodzi osasuntha. Mphuno inayabwa, mwendo unachita dzanzi, m'mutu munadutsa zipongwe zisanu ndi ziwiri zomwe munthu angachite m'chipinda chotero. Sindinasunthe. Kuseri kwa galasi wojambula ankayang'ana kompyuta yake, akuona m'kati mwa amayi, malo omwe ine ndinakhalamo miyezi isanu ndi inayi osaona kanthu.

Zotsatira anakatenga abambo ndi amayi patatha sabata. Ine ndinawadikira pamsewu kuyambira masana, ndikuyenda kuchoka pa mlatho kufika pa golosale n'kubwereranso, mpaka mwini golosale anandifunsa ngati ndikufuna kumubera. Atatsika minibasi, abambo anayamba ndi kupukuta thukuta, kukonza chipewa, kufunsa ngati mbuzi zamwa madzi. Kenako anati chiswe sichinadutse. Chafika pafupi ndi malire, koma sichinadumphire m'mbali, ndipo tiziwalo tija tikuoneka bwino. Adokotala asankha opareshoni. Anachitadi, mwezi womwewo. Amayi anabwerako atawonda, akuyenda mogwira khoma, koma lero akupalira okha ndipo amapitabe kukaonedwa pa masiku omwe anawalembera.

Mlandu wanga sunaiwalike. Mwana wa mkulu wa mpingo kupezeka ndi chithumwa si nkhani yomwe abambo akanaikwirira, ndipo anakaitula okha. Ndinaima pamaso pa akuluakulu asanu ndi awiri m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi. Anandifunsa komwe ndinachitenga, ndinati kwa munthu wina pamsika, nkhope ndaiwala. Anandifunsa ngati chinathandiza, ndinati masamu ndinapeza 31. Mmodzi anatsokomola nthawi yaitali. Anandifunsa ngati ndikulapa, ndipo kumwetulira kuja kunabwera kokha. Anandiimitsa kalasi ya ubatizo chaka chathunthu. Abambo anawonjezera chawo: mitengo yonse ya chigafa yodyedwa ndi chiswe ndiizule, ndikadule ina kuphiri, ndisenze ndekha, tchuthi chonse.

Mitengo inalipo khumi ndi isanu ndi umodzi. Mapewa anasupuka sabata yoyamba, yachiwiri anazolowera. Amayi ankanditumizira mtedza wokazinga m'kambale, wothira mchere wambiri momwe ndimakondera. Tsiku lina ndikukumba dzenje, abambo anabwera kudzaona ngati mzere wawongoka. Anaima nthawi yaitali, manja kumbuyo.

"Chingwe chija chinali chachitali," anatero, akuyang'ana mtengo.

"Ndinkayembekezera kunenepa, abambo."

Anatembenukira kumapiri. Ndinangoona mapewa a jekete akugwedezeka. Kenako anati dzenjelo ndi losaya, ndiwonjezere, n'kumapita.

Ndinawonjezera. Chaka chopanda kalasi chinandipatsa masana a Lamulungu onse aulere, ndipo mikono yanga inatuluka timinofu tomwe atsikana a Fomu 4 anationa. Maginito aja abambo sanandibwezere, ndimakhulupirira kuti ali pansi pa chimbudzi. Sindinadandaule kwenikweni. Wailesi ya amalume a ku Ntchisi inafa mvula yomweyo, ndipo ija ndi ya masipika awiri.